Intaviyu ili mawa 8 koloko, koma makiyi a sitolo ali ndi ine

Anthu olemba ntchito ku Lilongwe amandidabwitsa. M'nyuzipepala amalemba okha kuti akufuna munthu amene wagwirapo ntchitoyo zaka zitatu kapena kuposerapo, ndiye kuti akudziwa bwino lomwe kuti amene akumufunayo ali pantchito penapake. Koma ikakwana nthawi yoitana anthu ku intaviyu, amaimba foni dzuwa litapendeka kale, n'kunena kuti mubwere mawa 8 koloko m'mawa, mutenge masatifiketi enieni ndi chiphaso cha unzika. Ukati utsegule pakamwa kufotokoza kuti uli ku Dedza ndipo mawalo ndi tsiku la ntchito, amakhala atadula kale, akuimbira wina.

Ine ndimagwira ntchito pa sitolo ina pa boma pompano, yogulitsa mbewu, feteleza, mankhwala opopera m'munda ndi zipangizo zomangira nyumba. Ndimalandira ndalama, kulemba malisiti, kulowetsa zonse mu kompyuta, ndipo mwezi ukamatha ndimawerenga katundu. Timatsegula 7:30 m'mawa n'kutseka 5 koloko, Loweruka timaweruka masana. Odziwa kompyutayo tilipo awiri basi, ine ndi mnzanga amene ndimangowatchula kuti asisi poti ndi aakulu kwa ine. Makiyi a kabati ya ndalama amagona kwa mmodzi wa ife. Mmodzi akasowa winayo sadya nkhomaliro.

Sikuti ntchitoyi ndi yoipa ayi, ndipo abwana athu si munthu wolalata. Koma kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene amasintha mitengo pa mashelefu ndi ine. Dzanja langa lomweli lafufuta mtengo wa thumba la feteleza kambirimbiri n'kulemba wina wokwera, pomwe nambala ya pa kapepala kanga ka malipiro imasuntha mwaulesi. Maphunziro a zowerengera ndalama a ICAM ndinawavutikira usiku, mwana atagona, mapazi ali m'bulangete chifukwa cha chisanu chakunochi. Ndiye ndimafunsira ntchito zina, ndipo sindichita nazo manyazi.

Anzanga a m'tauni amandilangiza kuti ndizipempha kuti intaviyu izikhala nthawi ya nkhomaliro, ndikangotuluka ola limodzi n'kubwerera. Zimenezo n'zotheka kwa munthu amene ofesi yake ili ku City Centre ndipo akuitanidwa ku nyumba yoyandikana nayo. Kuchoka pa Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Wagalimoto yake angaone ngati ndi pafupi. Wokwera minibasi amadziwa kuti siinyamuka isanadzadze, ndipo m'mawa wa mu Juni kapena Julayi, chifunga chitakuta phiri lonse, anthu satuluka msanga m'nyumba. Umakhala m'kati injini ikulira, oitanira akukuwa kuti yatsala ya munthu mmodzi, chikhalirecho theka la anthu amene wakhala nawo ndi anyamata a pasiteji ongodzadzitsa mipando. Ikanyamuka iima pa Linthipe, pa Chimbiya, pa Kamphata, pa Nathenje, kutsitsa thumba la mbatatesi apa, kukweza dengu la tomato apo, kuwonjezapo marodibuloko. Ma Sienta amathamangako, koma mmene amapanikizira anthu, chovala chimene unasita usiku chimakafika chili makwinya okhaokha. Mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni, kondakitala amatchula mtengo umene wamukomera, iwe n'kupereka chifukwa nthawi ikutha. Ukatsika ku depoti ulendo sunathe, uyenera kukweranso ina ya ku City Centre kapena ku Kanengo, pa nthawi imene magalimoto athithikana pa mlatho.

Ndiyeno 8 koloko imene anakuuzayo anauza aliyense. Mumapezana gulu lonse pa mabenchi, aliyense ndi envelopu yake ya khaki pamiyendo, kumayang'anana chakumbali. Amaitana mmodzimmodzi. Ukhoza kulowa 2 koloko masana, m'mimba muli kapu ya tiyi ya m'bandakucha yokha, n'kuyankhula nawo mphindi zosakwana 30. Ena amayamba ndi mayeso olemba, kenaka akuti opambana tidzakuitananinso tsiku lina. Choncho kwa munthu wa kuno intaviyu ndi tsiku lathunthu. Ikakhala ya ku Blantyre ndi masiku awiri, chifukwa uyenera kunyamuka dzulo lake, kudutsa Lizulu, Ntcheu, Zalewa, kukagona kwa achibale. Ndalama ya thiransipoti obweza ndi ochepa kwambiri.

Funso limakhala lakuti tsikulo ulipeza bwanji, ndipo njira imene ambiri amathamangira ndi maliro, poti kwathu kuno bwana sangakukanize kupita kukaika m'bale wako.

Panali mnyamata wina amene ankayang'anira nyumba yosungira katundu pa sitolo yathu. Ataitanidwa ku Lilongwe, analowa mu ofesi madzulo mutu uli pansi, nati, "Bwana, kwagwa zovuta kumudzi, amalume atisiya." Kwawo kunali cha ku Mayani. Abwana anamupepesa, namupatsa masiku. Chimene mnyamatayo sanaganizire n'chakuti pa sitolo yathu tili ndi kathumba ka chipepeso kamene timasonkha mwezi ndi mwezi. M'mawa mwake abwana anatisonkhanitsa tisanatsegule. "Mnzathu waferedwa, sitingangokhala ngati sitinamve. Pikapu ipite." Tinagula shuga ndi mchere, tinatunga ufa, ndalama tinaika mu envelopu. Ine ndinali m'gulu lopita, nditamanga chitenje ndi mpango kumutu. Titafika m'mudzimo tinadabwa kuti kuli zii, palibe masamba pamsewu, palibe nyimbo, amayi akungosinja. Dalaivala anafunsa ana kuti kwa akutiakuti n'kuti, iwo anatilozera bwinobwino. Malemuwo tinawapeza ali pamwamba pa nkhokwe akufolera udzu.

Anatsika, anatiyalira mphasa, anatilonjera mmodzimmodzi mwaulemu wonse. Palibe amene anayang'ana mnzake kumaso. Dalaivala, bambo wachikulire wodziwa kuyankhula, ndi amene anatipulumutsa. "Ife bambo timagwira ntchito ndi mphwanu uja, ndiye timadutsa, tinati tikuoneni." Shuga ndi ufa tinasiya, envelopu inabwerera. M'galimoto tinayenda mtunda ndithu osayankhulana, kenaka wina anangophulika kuseka.

Mnyamatayo sanachotsedwe ntchito, koma mafuta a pikapu anamudula pa malipiro. Nkhani inafika kwa amalumewo kudzera kwa anthu ena, moti kumudzi kunakhala bwalo la akuluakulu. Ntchito ya ku Lilongwe ija sanamutenge. Kufikira tsiku limene anadzachoka pa sitolo pathu, anyamata onyamula matumba ankamulonjera m'mawa uliwonse kuti, "Achimwene, amalume adzuka bwanji?" Nditawafotokozera amayi anga ku Bembeke ndinkayesa aseka, koma anangoti, "Munthu ali moyo sumuikira maliro, mwanangu. Pakamwa pamaitana."

Kunamizira kudwala nako sikupita patali. Tchuthi cha matenda chimafuna chikalata cha adokotala, ndipo a kuchipatala ambiri amagula mbewu kwa ife tomwe, timadziwana mayina. Komanso wodwala malungo sapezeka pa siteji 5 koloko m'mawa ali ndi envelopu m'khwapa. Pa Dedza maso ndi ambiri. Wakabaza amene wakusiya pa siteji ndi yemweyo adzanyamule akazi a abwana popita kumsika masana, ndipo iye sadziwa n'komwe kuti chimene waonacho n'chinsinsi. Zovala nazo zimaulula. Ife pa sitolo timavala malaya amene makampani a mbewu amatigawira, ndi juzi pamwamba. Ndikangotuluka pakhomo nditavala suti, aneba amayamba kufunsa ngati kuli ukwati pakati pa sabata. Ndiye ndimasita usiku magetsi akadalipo, kupinda bwinobwino, kukulunga m'chitenje n'kuika m'chikwama pamodzi ndi nsapato. Ndimakwera minibasi nditavala za masiku onse, ndikukasinthira kwa msuweni wanga ku Kawale.

Chimene chinandimasula ndi kuwerenga lamulo la ntchito, Employment Act ya chaka cha 2000. Munthu wogwira masiku 6 pa sabata, ngati ine, ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pa chaka. Wogwira masiku 5 ali ndi masiku 15. Ambiri ogwira m'masitolo sadziwa zimenezi, ena amadziwa koma amaona ngati kupempha tchuthi ndi mwano. Lamulo lomwelo limanenanso kuti ukajomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka, akhoza kukuchotsa ntchito popanda notisi. Ndiye kungozimitsa foni n'kukwera minibasi, n'kudzaona mawa lake chonena, ndi kuseweretsa ntchito imene uli nayo kale chifukwa cha ina imene sunaione n'komwe.

Kale tchuthi ndinkatenga chonse pakamodzi. Pano ndimachidula tsiku limodzilimodzi, n'kusungako masiku angapo a maulendo oterewa. Kapemphedwe kake sikatalika.

"Bwana, ndimapempha tsiku la Lachinayi, mulichotsere pa tchuthi changa."

"Kwagwanji?"

"Palibe chovuta, bwana. Pali zina zoti ndikalongosole ku Lilongwe."

Amandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwauzana ndi anzanuwo?"

"Tauzana. Makiyi ndiwasiyira Lachitatu madzulo, ndalama nditawerengetsa."

"Chabwino mayi, lembani m'bukumo."

Pamenepo sindinaname, komanso sindinaulule. Zimene ndimachita pa tsiku langa la tchuthi ndi zanga, monga momwe sandifunsira chimene ndagula ndi malipiro anga. Ndikukhulupirira kuti akudziwa. Munthu amene wachita malonda zaka zonsezi sangalephere kuona kuti wantchito wake amakonda ku Lilongwe pakati pa sabata. Koma poti sindinawanamize, palibe chimene chimawakakamiza kuyambitsa nkhani, ndipo tonse timapitiriza kugwira ntchito mwaulemu. Kuwauza mwachindunji ndinaganizirapo, ndinaona kuti ayi. Pali mabwana ena amene ukawauza amakufunira zabwino, mwinanso kukulembera kalata yokuchitira umboni. Athuwa angayambe kufufuza wina woti aphunzitsidwe kompyuta mawa lomwe, ndipo sindingawadzudzule, sitolo ndi yawo.

Asisi ndiwo amadziwa zonse. Popanda iwo palibe ulendo. Ndikabwerako ndimawagwirira Loweruka kapena kuwasiya aweruke msanga tsiku la kwaya, ndipo sindifika chimanjamanja.

Bambo a kunyumba amakonda kundikumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndimawavomereza pa mfundo imodzi, ya nyengo. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala mzere wa alimi pa sitolo yathu umafika panja. Wina akufuna mbewu ya chimanga, wina feteleza wokulitsa, wina mankhwala a chiwawu cha mbatatesi, aliyense akuthamangitsana ndi mvula yoyamba. Masiku owerenga katundu kumapeto kwa mwezi nawo n'chimodzimodzi. Kusiya mnzako yekha pa kauntala nthawi imeneyo ndi nkhanza, ndipo abwana akakana tsikulo amakhala sakulakwa, pakuti tsiku lotengera tchuthi ndi lochita kugwirizana. Choncho ndinaphunzira kusankha. Si foni iliyonse yoyenera kuikwerera minibasi. Ndimafunsiratu kuti ntchitoyo ili kuti, ndi yokhazikika kapena ya kontirakiti ya miyezi yowerengeka, ndipo malipiro ake akuyambira pati. Ena amanyansidwa ukafunsa za ndalama, ngati kuti tikufuna ntchitoyo kuti tizikasangalala ndi mipando yawo. Koma malipiro ooneka okwera ku Lilongwe amatha ndi lendi ndi thiransipoti, pomwe kuno ndimayenda wapansi kupita kuntchito ndipo nyemba ndi mbatatesi zimachokera kwa amayi. Amene amati tumizani kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda, amenewo ndi akuba basi, foniyo ingodulani.

Chinanso chimene anthu amaopa pachabe ndi kupempha kuti asinthe nthawi. Timaganiza kuti tikangoti mawa sindingathe, dzina lathu alifufuta. Ine ndimaimbanso foni ija n'kunena modekha kuti, "Zikomo kwambiri pondiitana, ndine wokondwa. Pakali pano ndili pantchito ku Dedza ndipo ndimasunga makiyi a ndalama, sindingachoke osasiyira mnzanga mwadongosolo. Kodi n'zotheka kundiika mkucha, kapena ngati ndi mawa lomwelo mundiike kumapeto?" Ndaona kuti ambiri amavomera, makamaka mabungwe ndi makampani amene aitana anthu ochepa. Pa intaviyu ina, mayi amene ankatsogolera mafunso anachita kunena okha kuti zimene ndinapemphazo zinawasonyeza mmene ndingadzasamalire kabati yawo. Kwina anandiyankha kuti ngati ndikufunadi ntchito ndipezeke, apo ayi alipo ambiri. Sindinapite, ndipo sindinadandaule. Ngati akuyankha choncho asanandilembe, tsiku limene mwana wanga adzatenthe thupi adzandiyankha bwanji? Za m'boma zokha tsiku silisuntha, chifukwa amaitana anthu ochuluka nthawi imodzi. Ubwino wake n'kuti zoterozo zimamveka msanga, munthu umakonzekera.

Chibwerereni Covid-19 mu 2020, ena anazolowera kuchita intaviyu yoyamba pa Zoom kapena pa Teams. Zimenezi kwa ife akutali ndi mpumulo, chifukwa apa ndi pomwe ola la nkhomaliro limagwira ntchito. Vuto ndi pokhala. Ku sitolo n'kosatheka, ndipo kompyuta, imelo ndi pulinta za kuntchito sindizikhudza pa nkhani zimenezi. Mnzanga wina wa pa sitolo ina anaiwala CV yake m'makina a fotokope a abwana ake, inatoledwa ndi abwanawo. Kunyumba kwanga kuli tambala wa aneba amene sadziwa nthawi, ndi chigayo chapafupi. Malo amene ndinapeza ndi kachipinda kosungira mabuku a nyimbo ku tchalitchi kwathu. Akulu a mpingo anandibwereka kiyi osafunsa zambiri. Ndimafika 12 koloko itangodutsa, kusanjikiza mabuku a nyimbo patebulo, kutsamiritsa foni kuti iime molunjika nkhope, kukhala moyang'ana zenera kuti kuwala kundifike. Pamwamba ndavala jekete, pansi siketi ya kuntchito ili ndi fumbi la simenti. Foni ndimaitchajiratu m'mawa poti magetsi sapangana nawe, ndipo ndimagula bandulo pa manambala onse awiri, ya Airtel ndi ya TNM, kuti netiweki ina ikagwa ndilumphire kwina. Ikatha ndimavula jekete, kulipinda m'chikwama, kugula chimanga chootcha panjira, 1 koloko ili pafupi ndili pa kauntala ndikufunsa kasitomala kuti akufuna matumba angati.

Pa CV amafuna mayina a anthu okuchitira umboni, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwidwira. Ukalemba abwana ako, foni ikhoza kuwapeza iwe usanatsike minibasi. Ine ndinaika aphunzitsi anga akale ndi bwana wa kumene ndinayambira ntchito, onse nditawapempha kaye. Ndikafika mu intaviyu ndimanena poyera kuti kumene ndili pano asaimbeko kufikira ataganiza zonditenga. Palibe amene anadabwapo nazo.

Funso lakuti mungayambe liti limabwera nthawi zonse, ndipo mtima umafuna kuyankha kuti ngakhale mawa. Wolandira malipiro pamwezi lamulo limafuna kuti apereke notisi ya mwezi umodzi, ndiye ndimayankha kuti patatha mwezi kuchokera tsiku limene ndalandira kalata. Ndikutanthauza kalata yeniyeni, yosainidwa, yolemba malipiro ndi tsiku loyambira. Mawu a pafoni akuti mwapambana, dikirani, si kalata. Mabungwe ena amadikira ndalama za opereka thandizo, zikachedwa ntchitonso imachedwa kapena kufera m'mazira, iwe utatsanzika kale kwanu. Ndimafunsanso za penshoni, ngati amaperekadi 10 peresenti yawo pamwamba pa 5 peresenti imene amadula kwa wantchito, chifukwa kudula kokha amadula ambiri.

Pakali pano ndikadali pa kauntala yomweyi. Sabata yatha kampani ina yogula mbewu kwa alimi inandiimbira, mwaulemu wake, kudakali masiku okwanira, kuti ndikapezeke ku Kanengo Lachiwiri likubwerali. Ndinadikira kuti makasitomala achepe, n'kuwanong'oneza asisi kuti ndidzawasiyira makiyi Lolemba madzulo. Anandiyang'ana, anatsegula chikwama chawo, n'kundionetsa uthenga pa foni. Kampani yomweyo, tsiku lomwelo, 8 koloko yomweyo. Nyuzipepala ija tinawerengera limodzi, koma aliyense anakalemba kalata yake mwakachetechete. Tonse awiri taimbako kupempha kuti mmodzi amusinthire tsiku, osatchulana mayina, ndipo akuti atiyankha Lachisanu. Akakana, sitinagwirizanebe kuti atsale ndani, ndipo mnyamata watsopano wa kosungira katundu tayamba dzulo kumuphunzitsa kulemba malisiti.